Chotupa cha mu Ubongo Chikabwerera

 Moni inu a pa Mtengowanthenga, a ku Mponela, a ku Madisi, a pa boma pa Dowa, ndi inu a m'mapiri a Ntchisi. Kaya muli pakhonde, kaya mukusoka fodya m'chigafa, kaya ndinu gadiyani kuchipatala ndipo kawailesi mwakaika pambali pa mkeka, takulandirani.

Lero tikamba za matenda amene sakambidwa kawirikawiri. Chotupa cha mu ubongo. Makamaka chotupa chimene madokotala anachichotsa, nachiwotcha ndi makina, koma patapita miyezi n'kuphukanso. Akatswiri kunjaku akuyesa kuphatikiza njira ziwiri polimbana nacho: kuwotcha ndi cheza, ndi mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi. Kodi afika pati? Nanga ife a m'mbali mwa msewu wa M1 zikutikhudza bwanji?

Ndinene msanga, kuopa kuti wina angazime wailesi atangomva theka la nkhani. Mankhwala ochiziratu chotupa choopsachi sanapezeke. Ndibwereze. Sanapezeke. Kafukufuku alipo, ndipo nzeru yake ndi yomveka. Koma akadali panjira.

Tiyeni tiyambire kwathu kuno.

Tiyerekeze bambo wina, mlimi wa fodya, wa zaka za m'ma 50. Mutu wayamba kumupweteka. Si mutu wa dzuwa ayi. Umakula m'mamawa, podzuka. Masiku ena amasanza asanadye kanthu. Amagula panado pa okala, amamwa, umaleka pang'ono, mawa wabwerera. Kenako khasu likupulumuka m'dzanja lamanja. Mawu akusowa pakamwa: akufuna kunena kuti "mpando", pakutuluka china. Tsiku lina wagwa, akuphupha ngati wa khunyu, chonsecho chibadwire sanagwepo.

Kodi pamudzi timati chiyani? Ena amati ndi sitiroko. Ena amati wapenga, poti munthu wofatsa uja wayamba kukalipira ana popanda chifukwa. Ena amayang'ana kwa mbale amene analimbana naye pa malire a munda. Mphini zimatemedwa. Nkhuku zimapita. Miyezi nayo imapita.

Tamverani bwino apa. Mutu wosatha umene ukukulirakulira, kusanza kwa m'mawa, kufooka mbali imodzi, maso kuchita chidima, khunyu loyamba munthu atakula kale: zimenezi ndi za kuchipatala. Pitani pa chipatala cha mishoni pa Mtengowanthenga, kapena cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi. Iwo akaona kuti nkhaniyi yakula, amalemba kalata yokutumizani ku Kamuzu Central Hospital, ku Lilongwe, kumene angathe kujambula m'mutu ndi makina a sikani.

Ndipo pali chifukwa chabwino chopitira msanga. Si chotupa chilichonse cha m'mutu chimene chili khansa. Kwathu kuno TB imatha kupanga chotupa mu ubongo, ndipo mankhwala a TB amachiphwetsa. Kwa munthu amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chatsika kwambiri, pali tizilombo tina timene timapanga zotupa m'mutu, ndipo tili ndi mankhwala ake. Pali mazira a njoka za m'mimba zija zimayenda pakati pa nkhumba ndi anthu. Akalowa m'thupi kudzera m'chakudya kapena madzi okhudzana ndi chimbudzi, amatha kukakhala mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Nawonso ali ndi chithandizo. Palinso chotupa chotchedwa meningioma, chimene chimamera pa chikuto cha ubongo. Nthawi zambiri si khansa, ndipo dokotala akachichotsa chonse munthu amabwerera kumunda. Choncho mukamva kuti "m'mutu muli chotupa", musayambe kumema maliro. Funsani dzina lake.

Tsopano tifike pa chotupa chimene chikusowetsa tulo akatswiri. Dzina lake ndi glioblastoma. Ndi khansa yobadwira mu ubongo momwemo, ndipo pa khansa zobadwira mu ubongo wa munthu wamkulu, ndi imene imapezeka kwambiri. Ndi yaukali. Inapha John McCain, phungu wotchuka wa ku America, mu 2018. Inaphanso phungu mnzake, Edward Kennedy, mu 2009. Anthu a ndalama, a madokotala apamwamba. Sinawaope.

Chithandizo chake chili patatu. Choyamba ndi opaleshoni. Chachiwiri ndi kuwotcha ndi makina, chimene achipatala amati radiotherapy: Lolemba mpaka Lachisanu, kwa milungu isanu ndi umodzi. Chachitatu ndi makapisozi otchedwa temozolomide. Njira imeneyi inakhazikika mu 2005, pambuyo pa kafukufuku amene anatsogolera dokotala Roger Stupp wa ku Switzerland. Kodi makapisoziwo anawonjezera nthawi yaitali bwanji pa moyo wa odwala? Pafupifupi miyezi iwiri ndi theka. Miyezi iwiri ndi theka basi, ndipo madokotala dziko lonse anaombera m'manja. Pamenepo mutha kuona kuuma kwa matendawa.

Nanga n'chifukwa chiyani chimabwerera? Chotupachi chilibe malire. Chimayala mizu yosaoneka ndi maso, ngakhale ndi sikani, kulowerera mu ubongo wabwino. Dokotala sangadule mmene akufunira. Akadula mopitirira, munthu adzuka wosalankhula, kapena wosayenda. Ndiye amachotsa chimene angathe. Tizidutswa totsalato ndi timene timaphukanso, kawirikawiri pafupi ndi malo akale omwewo, ndipo nthawi zambiri chaka chisanathe. Chikabwerera, madokotala alibe njira imodzi imene onse amagwirizana. Ena amachitanso opaleshoni. Ena amawotchanso. Ena amasintha mankhwala. Apa ndiye pamene kafukufuku wathu wa lero akulowera.

Tiyeni tione zida ziwirizi, chimodzi ndi chimodzi.

Choyamba, kuwotcha. Mawuwa amaopsa anthu pachabe. Palibe moto, palibe utsi. Wodwala amagona pa kabedi kolimba. Kumaso amamuveka chophimba cha pulasitiki chokhala ndi timabowo, chimene anachiumba molingana ndi nkhope yake, kuti mutu usasunthe ngakhale pang'ono. Ogwira ntchito amatuluka, n'kumamuyang'ana pa kanema. Makina amazungulira mutu, akulira pang'onopang'ono. Cheza chake n'chofanana ndi cha X-ray, koma champhamvu kwambiri. Wodwala samva kanthu. Pakatha mphindi zochepa, amadzuka n'kumapita. Chezacho chimaononga m'kati mwa maselo a khansa kuti alephere kuswana. Zotsatira zake zimabwera pambuyo: kutopa, ndi tsitsi kuthothoka pamalo powotchedwapo.

Chachiwiri, mankhwala odzutsa chitetezo, amene amati immunotherapy. Apa Amalawi sitivutika kumva. Zaka za Edzi zinatiphunzitsa za asilikali a m'thupi. Asilikali amenewa samenya tizilombo tokha ayi. Amathanso kupha maselo a khansa. Koma thupi linawaikira mabuleki, kuti asalusire ziwalo za mwini wake. Khansa ndi yochenjera: imagwiritsa ntchito mabuleki omwewo, msilikali akafika pafupi n'kungoima. James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan ndi amene anaonetsa mmene mabulekiwa angamasulidwire. Analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Mankhwala monga nivolumab ndi pembrolizumab anachokera pa nzeru imeneyi. Amaperekedwa pa diripi, pakapita milungu ingapo iliyonse.

Tsono n'kuphatikiziranji ziwirizi? Amene munapitako ku uzimba mundimva msanga. Nyama yabisala m'tchire lowirira. Agalu alipo, koma ali pa chingwe, ndipo fungo sakulimva. Mumayatsa moto. Moto umapha zina, koma ntchito yake yaikulu ndi kuvumbulutsa zobisala. Pamenepo mumamasula agalu. Cheza ndiye moto uja. Chikaswa maselo a khansa, zam'kati mwake zimatayikira poyera, ndipo asilikali a m'thupi amazindikira mdani. Mankhwala aja ndiye kumasula chingwe. Moto wokha, nyama zambiri zithawa. Agalu okha, sadziwa kolowera. Mutu umodzi susenza denga.

Nzeru imeneyi sinagwe kumwamba. Kale mu 1953, katswiri wina wa ku Britain, R. H. Mole, analemba za chodabwitsa china: nthawi zina ukawotcha malo amodzi, kusintha kumaoneka kutali ndi pamene wawotchapo. Mu 2012 madokotala a ku New York analemba za mayi wina wa khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma, amene ankalandira mankhwala odzutsa chitetezo. Atamuwotcha chotupa chimodzi, zotupa zina zimene cheza sichinazikhudze zinayamba kuphwa. Izi sizichitikachitika. Koma zinatsegula maso a anthu.

Ndiyeno pali nkhani ya Jimmy Carter, mtsogoleri wakale wa America. Mu 2015, ali ndi zaka 90, analengeza kuti melanoma yamufika m'chiwindi ndi mu ubongo. Anamuchita opaleshoni pachiwindi, anawotcha timadontho ta mu ubongo, namupatsa pembrolizumab. Chaka chisanathe, sikani sinaonetsenso khansa. Mkuluyu anamwalira mu December 2024, ali ndi zaka 100. Pa khansa ya m'mapapo naponso, kafukufuku wamkulu wa mu 2017 anaonetsa kuti mankhwala a mtundu umenewu, akaperekedwa pambuyo pa kuwotcha, amachedwetsa kubwerera kwa matenda.

Mwina wina akuti, basitu, nkhani yatha, mankhwala apezeka. Dikirani kaye. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Khansa ya a Carter inabadwira pakhungu, mu ubongo inangosamukiramo. Ya a McCain inabadwira mu ubongo momwemo. Zonse ziwiri timati "chotupa cha m'mutu", koma ndi matenda awiri osiyana. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapusitsikira.

Pa glioblastoma, zotsatira zakhala zokhumudwitsa. Panachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa CheckMate 143, wa odwala mazanamazana amene chotupa chinawabwerera. Gulu lina linalandira nivolumab, lina mankhwala ena amene analipo kale. Zotsatira zinatuluka mu 2017. Panalibe kusiyana. Magulu onse awiri, theka la odwala linali litamwalira pofika miyezi pafupifupi khumi. Akatswiri anati mwina vuto n'lakuti sitinaphatikize ndi kuwotcha. Anachitanso akafukufuku ena awiri akuluakulu, kwa odwala ongopezeka kumene, kuphatikiza nivolumab ndi cheza. Nawonso sanatalikitse moyo.

Chinavuta n'chiyani? Zifukwa zilipo zingapo, koma nditchula zimene zili zosavuta kumva.

M'chotupa chimenechi asilikali a m'thupi amakhalamo ochepa kwambiri. Kumasula chingwe n'kopanda phindu ngati patchirepo palibe agalu. Komanso chotupacho chimatulutsa zinthu zofoola asilikali amene afikako, mpaka ena kuwatembenuza kuti azichiteteza.

China ndi ichi, ndipo n'chomvetsa chisoni. Chotupa chikatupitsa ubongo, wodwala amapatsidwa dexamethasone. Ndi mankhwala otchipa, opezeka ngakhale m'zipatala zathu. Amagwira ntchito modabwitsa: munthu amene dzulo sanali kuzindikira anthu, lero akupempha phala. Koma mankhwala omwewo amagonetsa chitetezo cha m'thupi. Dzanja lina likudzutsa asilikali, dzanja lina likuwagoneka. Dokotala achite chiyani? Wodwala sangamusiye ndi mutu wotupa.

Nacho cheza chili ndi mbali ziwiri. Chikaperekedwa tsiku ndi tsiku kwa milungu yambiri, chimaphanso asilikali amene akudutsa m'magazi pamalopo. N'chifukwa chake akatswiri ena anaganiza zofupikitsa: kuwotcha masiku ochepa, mwamphamvu, molunjika pachotupa penipeni. Ku Moffitt Cancer Center, mu mzinda wa Tampa ku America, anayesa zimenezi pa odwala 32 amene chotupa chinawabwerera. Anawawotchanso maulendo asanu okha, n'kuwapatsa pembrolizumab pamodzi ndi mankhwala ena ochepetsa kutupa otchedwa bevacizumab. Lipoti linatuluka mu 2021. Linaonetsa kuti thupi limatha kupirira chithandizo chotere. Ameneyo ndi kafukufuku wa gawo loyamba. Funso lake ndi lakuti, kodi njirayi sivulaza? Funso lakuti kodi ikuposa njira zakale limafuna odwala ambiri, ogawidwa m'magulu awiri mwa maere.

Ena akusintha nthawi yoperekera. Mu 2019, gulu la dokotala Timothy Cloughesy ku Los Angeles linapereka pembrolizumab opaleshoni yachiwiri isanachitike, chotupa chidakali m'mutu, kuti asilikali achione bwino. Odwala amene analandira motere anakhala ndi moyo nthawi yotalikirapo kuposa amene anayamba mankhwalawo opaleshoni itachitika kale. Nkhani yabwino. Koma odwala onse pamodzi anali 35. Anthu okwana m'minibasi ziwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo walira mvula walira matope. Asilikali ukawamasula, ena amalusira mwini thupi: matumbo, mapapo, chiwindi, chithokomiro. Munthu amatha kutsegula m'mimba koopsa, kapena kubanika. Ubongo ukawotchedwa kachiwiri, mbali ina yabwino imatha kufa. Pa sikani, malo akufawo ndi chotupa chimene chikukula zimaoneka mofanana, moti ngakhale akatswiri amakanda mutu.

Tsopano tibwerere kumudzi. Ife tili pati pa nkhaniyi?

Kwa zaka zambiri, m'Malawi munalibe makina owotchera khansa. Wodwala ankayenera kupita kunja, ku Zambia, ku Tanzania, ku India, ngati ali ndi ndalama kapena ngati dzina lake latuluka pa mndandanda wa boma. Ambiri ankamwalira akudikira. Zimenezi zasintha posachedwapa. Mu 2024 chipatala cha khansa chomwe si cha boma chinayamba kuwotcha ku Blantyre. Mu 2025 boma linatsegula National Cancer Centre ku Lilongwe, pafupi ndi Kamuzu Central Hospital, mothandizidwa ndi bungwe la dziko lonse loona za mphamvu ya nyukiliya la IAEA. Kuchoka pa Mtengowanthenga, kudutsa pa Lumbadzi ndi Kanengo, munthu amafika tsiku lomwelo dzuwa lisanafike pamutu. Madokotala ochita opaleshoni ya ubongo nawo alipo, ngakhale ndi owerengeka. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Patrick Kamalo ndi anzake akhala akuchita ntchitoyi kwa zaka zambiri.

Tsono chida chimodzi chafika. Chinacho ndiye mtengo wake ndi wodula mutu. Ku America, diripi imodzi ya pembrolizumab imaposa madola 10,000, ndipo imabwerezedwa milungu itatu iliyonse. Werengani mabelo a fodya amene angakwanire pamenepo. Apa ndiye ndikufuna kulankhula molunjika, makamaka kwa inu a pabanja amene muli ndi wodwala. Pakubwera uthenga pa WhatsApp wakuti kwakuti kuli mankhwala atsopano ochiza khansa ya mu ubongo. Mwana wa ku Joni watumiza kanema. Mtima ukuti tigulitse ng'ombe, tigulitse munda, tikwere ndege. Ndikumvetsa. Ndani angafune kukhala manja lende mayi ake akutha? Koma pa glioblastoma, akafukufuku akuluakulu sanaonetse kuti mankhwala amenewa amatalikitsa moyo. Munthu amene akukulonjezani machiritso pa mtengo wakutiwakuti akugulitsa chinthu chimene akatswiri enieni sanachipeze. Chimodzimodzi uja wa mabotolo a zitsamba olembedwa kuti "zokweza chitetezo". Zimenezo si immunotherapy, ngakhale atatchula mawuwo mokoma bwanji. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Opaleshoni, kuwotcha, mankhwala ochepetsa kutupa, oletsa khunyu, ndi mofini wothetsa ululu: izi ndi zodziwika, ndipo zimathandizadi.

Kodi zikutanthauza kuti kafukufuku ndi wa azungu okha? Ayi ndithu. Katemera wa malungo anayesedwa pa ana a ku Lilongwe kuno, ndipo mu 2019 Malawi anakhala dziko loyamba kuyamba kumupereka m'zipatala. Ntchisi inali m'gulu la maboma oyambirira. Ku Lilongwe komweko, akatswiri a bungwe la UNC Project akhala akufufuza za khansa monga Kaposi sarcoma ndi lymphoma kwa zaka. Maganizo anga ndi akuti, poti makina owotchera afika, dziko lathu lisamangodikira zotsatira za odwala a ku Tampa ndi Los Angeles. Mafunso athu ndi ena. Odwala athu ambiri amafika mochedwa. Ena ali ndi HIV, ena anadwalapo TB. Ambiri sangakwanitse kukhala mu mzinda milungu isanu ndi umodzi, gadiyani akuphikira pamafuwa panja pa chipatala, kumunda kulibe munthu. Kuwotcha kwa masiku ochepa, kumene akatswiri akunja akukuyesa pa zifukwa zawo, kwa ife kuli ndi phindu linanso. Mafunso amenewa palibe adzatifunsire.

Ndiye tsiku lina dokotala akhoza kukupemphani kuti mulowe m'kafukufuku. Musathawe, musati anamapopa abwera. Komanso musasaine ndi maso otseka. Kafukufuku woona amakhala wovomerezedwa ndi komiti ya boma yoona za kafukufuku wa zaumoyo, kapena komiti ya ku sukulu ya madokotala ku Blantyre. Amakufotokozerani m'chilankhulo chanu. Amakupatsani pepala loti mupite nalo kunyumba mukakambirane. Muli ndi ufulu wokana, ndipo mukakana chithandizo chanu cha nthawi zonse sichiima. Muli ndi ufulu wotuluka pakati panjira. Akakuuzani kuti mulipire ndalama zambiri kuti "mulowe m'kafukufuku", imikani makutu.

Safunsa anadya phula. Mukakhala pamaso pa dokotala, funsani mafunso awa. Chotupachi dzina lake n'chiyani? Kodi chinabadwira mu ubongo, kapena chachokera kwina? Kodi kachidutswa kake kanapimidwa ku labotale? Chithandizo mukundipatsachi, cholinga chake ndi kuchiza, kutalikitsa moyo, kapena kuchepetsa ululu? Dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa. Ngati wodwala sangathe kulankhula, inu agadiyani funsani m'malo mwake, ndipo mupemphe kuti yankho alilembe m'kabuku ka kuchipatala.

Kabuku kameneko kasungeni pouma, mu jumbo, pamodzi ndi zithunzi zonse za sikani, ngakhale zakale. Chotupa chikabwerera, dokotala amayerekeza chithunzi chatsopano ndi chakale. Amafunanso kudziwa kuti munawotchedwa liti, kangati, ndi mphamvu yochuluka bwanji, asanaganize zowotchanso. Mukamaliza kuwotchedwa, pemphani kalata yonena zimenezi musanakwere minibasi yobwerera kwanu.